Mawu Akumveka, Chithunzi Palibe

Ana anga, Tiyamike ndi Yohane, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa mmene ine ndingathere. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito, chifukwa kuchokera pamenepo zonse zimene ndinachita ndiyenera kuziyankha ndekha. Pali nkhani imodzi ya ku loji imene munangoimva mwapatalipatali muli kusukulu, yakuti bambo anu anatsitsidwa pa udindo. Amayi anu anakuuzani kuti kunali kaduka. Anatero pondikonda, koma kaduka kunalibe. Mutu uno ndaulemba kuti mudziwe chimene chinachitika.

Chipoka, zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba

Ntchito yanga yoyamba inali kwa a Jafali, amene anali ndi kashopu kokonzera mawailesi pafupi ndi msika wa ku Chipoka. Ndinafika kumeneko ndili ndi kapepala ka kusukulu ya zaluso kamene ndinkakanyadira kwambiri. A Jafali anakayang'ana mbali zonse ziwiri, n'kundibwezera, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo pepala likukonza wailesi. Anali munthu wamfupi, wa kofia woyera, wosaphonya swala ya ku mzikiti ngakhale pakhomo pataima anthu asanu. Masiku amenewo doko linali lamoyo. Anthu a m'sitima za pamadzi, a njanji, asodzi ndi amayi ogula nsomba onse ankabwera ndi mawailesi awo atawakulunga m'chitenje ngati mwana wopita naye kuchipatala. Matenda a wailesi ya kunyanja anali odziwika: dzimbiri lobwera ndi chinyontho, mchenga, ndi mabatire oiwalidwa m'kati mpaka kutuluka madzi.

Zipangizo zatsopano kunalibe. Wailesi ikafa kotheratu sitinkaitaya. Tinkaichotsa ziwalo zonse n'kuzisunga m'zitini za mkaka zimene zinandandalikidwa pa thabwa la kumbuyo, ndipo thabwa limenelo a Jafali ankalitcha kumanda. Kanthu kakasowa ankangoti ndikayang'ane kumanda, ndipo nthawi zambiri kankapezeka. Koma chachikulu chimene ndinatenga kwa iwo si zitini. Anali ndi ndondomeko yawo imene sankalola kuti munthu ailumphe: funsa mwiniwake, yang'ana, nunkhiza, yeza magetsi ndi mita, ndipo sikuludilaiva ndiyo yomaliza. Tsiku lina ndinatha m'mawa wonse ndikuphwasula wailesi ya mayi wina wogulitsa usipa, osapeza vuto. A Jafali atabwera kuchokera ku mzikiti anangomufunsa mayiyo kuti wailesiyo imasiya kulira nthawi yanji. Iye anati imasiya amuna ake akaikoleka pa msomali, koma ikakhala pansi imalira bwinobwino. Kanali kawaya kothothoka pafupi ndi chogwirira, ntchito ya mphindi zitatu.

"Wallahi, iwe Mbewe, chinthu amachidziwa ndi amene amagona nacho nyumba imodzi," anatero a Jafali mayiyo atapita. "Iwe wachiona lero, iye wachiona chaka chonse. Uzifunsa, ndipo akakuyankha uzimva."

Mawu amenewo ndinawasunga, ndipo ndinawabwereza kwa anthu ambiri m'moyo wanga. Muona kutsogoloku kuti kubwereza mawu ndi kuwatsata ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Salima pa boma, zaka khumi ndi chimodzi

A Jafali atakalamba n'kubwerera kwawo, ndinapita pa boma kukagwira ntchito mu shopu ya a Mwale. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu, ndiponso ndi tivi. Nyumba zoonetsera mafilimu zinali zitayamba kuchuluka, ndipo mativi a nthawi imeneyo anali akale aja, olemera, otupa kumbuyo, oti kunyamula kwake mpaka anthu awiri. Anali ndi nkhanza zawo. Ngakhale utaizimitsa n'kuzula pulagi, tivi yotere imasunga moto m'kati, ndipo ukaigwira malo olakwika usanautaye motowo imakuponyera kukhoma. Ine inandiponyera kamodzi kokha, ndipo sindinafune kuphunzitsidwa kachiwiri.

Dandaulo limene ndinalimva kwambiri pa zaka zimenezo linali limodzimodzi: ikuyaka, mawu akumveka, koma chithunzi palibe. Munthu ankabwera nkhope ili gwa, akuganiza kuti tivi yake yafa. Ine ndinkayamba ndi mafunso. Yasiya liti? Kunagwa mvula ya ziphaliwali? Ndani anaigwira komaliza? Kenako ndinkadina batani loonetsa mndandanda wa zosankha za tiviyo. Zilembo zikaoneka pa galasi, ndiye kuti tivi ilibe mlandu, vuto lili panja: mwina mwana wadina rimoti n'kuisamutsira ku khomo lina kumene kulibe chimene chalumikizidwa, mwina waya wachikasu uja wa chithunzi wazuka kapena walowetsedwa pa bowo la woyera, mwina khoswe wamutafuna kuseri kwa kabati. Kunena zoona, ambiri mwa mativi amene ankabwera atanyamulidwa pa njinga analibe matenda alionse. Ndinkabwezera waya pamalo pake, chithunzi n'kubwera, mwiniwake n'kuseka mwamanyazi.

A Mwale zimenezi sankazikonda. Iwo ankati tivi yotere izigona mu shopu masiku awiri kuti mwiniwake aone kuti panali ntchito, chifukwa munthu ukamukonzera chinthu iye akuona amayamba kukupeputsa. Tinkakangana kawirikawiri pa nkhani imeneyi, ndipo ine sindinagonje. Pa boma ponse ndinadziwika kuti Mbewe sanamiza munthu. Mbiri imeneyo ndinkaikonda, mwinanso mopitirira muyeso. Kunena zoona n'kosavuta pamene wolakwa ndi khoswe kapena mwana wa eni ake.

Senga Bay, zaka zisanu ndi zinayi zoyamba ku loji

Mbiri yomweyo ndiyo inandipezetsa ntchito ku loji ina ya ku Senga Bay, imene dzina lake sinditchula pano chifukwa anthu ake anandisunga bwino. Manijala anali a Gondwe, munthu wamtali wochokera kumpoto, waukhondo, wachilungamo m'njira yake, koma wopupuluma pogamula. Loji inali ndi zipinda khumi ndi zisanu ndi zitatu. Zisanu mwa izo zinali kutsogolo kwenikweni, moyang'anana ndi madzi, ndipo zimenezo ndizo alendo ankalimbirana. Ndili komweko, eni loji anachotsa mativi akale aja n'kuika atsopano, opyapyala, okoleka pakhoma. Ndinayambanso kuphunzira ngati mwana wa sukulu. Ndinapeza kuti tivi yotere ili ndi zinthu ziwiri: galasi limene limajambula chithunzi, ndi mizere ya timababu kuseri kwake imene imawalitsa chithunzicho kuti chioneke. Timababu tikapsa, chithunzi chimakhalapobe, koma chili mu mdima. Njira yodziwira ndi yapafupi. Umatseka makatani, kuyatsa tivi, n'kuunika galasi ndi tochi chapafupi, mopendeketsa pang'ono. Ukadekha umaona anthu akuyenda mozimiririka m'kati mwa mdimawo. Ukawaona, galasi lili bwino, afa ndi timababu. Ukapanda kuona kanthu, vuto lili pa bolodi la m'kati limene limayendetsa tivi yonse.

Mdani wathu wamkulu kumeneko zinali nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono tija timene timatuluka m'nyanja ngati utsi. Mphepo ikazikankhira kumtunda zimadzaza paliponse pamene pali kuwala, ndipo tivi ya mtundu watsopanowu ili ndi timabowo topumira kumbuyo kumene kuwala kumatulukira pang'ono. Zinkalowa mmenemo n'kufera kuseri kwa galasi, mlendo n'kumaona timadontho takuda pankhope ya wowerenga nkhani. Pambuyo pa nkhungu pankabwera nalimata kudzazidya, ndipo nalimata mmodzi anatipsetsera bolodi lathunthu. Zipangizo zinali zovuta kupeza. Chinthu ukachiitanitsa ku Lilongwe unkadikira mwezi, mwina iwiri, n'kubwera cholakwika.

Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndinatenga maneti akale oteteza udzudzu amene anali kusitolo, n'kuwadula tizidutswa, n'kumata ndi guluu pa timabowo tonse ta kumbuyo kwa tivi iliyonse. Ndinati mpweya uzidutsa koma nkhungu zizitsala panja. Zinathekadi. Chaka chimenecho palibe tivi imene inalowa kachilombo. A Gondwe anakondwa kwambiri, anabweretsa mamanijala a malo ena kudzaona, ndipo anthu anayamba kuwatcha maneti a Mbewe. Pasanapite nthawi ndinakwezedwa kukhala mkulu wa onse okonza zinthu pa loji. Inu munali mutangoyamba sekondale, ndipo kunyumba kwathu kunayamba kuoneka kusintha.

Zipinda zisanu za kutsogolo zija ankakonzamo ndi Mayi Nachisale. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, wa m'mudzi wa asodzi kuseri kwa loji, ndipo tinkapemphera tchalitchi chimodzi, kumene iwo anali mmodzi wa atsogoleri a amayi. Sanali munthu wolankhulalankhula. Tsiku lina m'mawa, chilimwe chili pakati, anandiimitsa pakhonde atanyamula ndowa ndi mopu. Anati akamapukuta fumbi kuseri kwa mativi akumamva kutentha kwambiri kuposa kale, moti dzanja silikhalitsapo, ndiponso maneti aja ada bii. Anafunsa ngati angamawachotse n'kuwachapa pamene akuchapa makatani. Ndikukumbukira bwino chimene ndinayankha, ndipo ndikuchilemba monga ndinachinenera.

"Amayi, inu zanu ndi mabedi ndi pansi. Za kuseri kwa tivi musiyireni mwini wake. Maneti amenewo musawakhudze."

Anangoti zikomo, n'kunyamula ndowa yawo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo ine ndinaona ngati munthu wa mopu akufuna kundiphunzitsa ntchito yanga. Kuseri kwa tivi sindinapiteko kukayang'ana.

Dzinja la chaka chakhumi ku loji

Patapita miyezi itatu, mvula itayamba, tivi ya m'chipinda chachiwiri inasiya kuonetsa chithunzi. Mawu ankamveka bwinobwino. Ndinaichotsa n'kuika ya m'chipinda china chopanda mlendo, poganiza kuti ndiiona ndikapeza mpata. Sabata yomweyo inatsatira ya m'chipinda chachinayi, kenako ya m'chipinda choyamba, ndipo pomatha sabata zitatu mativi onse asanu a kutsogolo anali atazima mofanana. Inali nyengo ya tchuthi, loji itadzaza. Alendo ankadandaula, eni loji ankaimba foni kuchokera ku Lilongwe tsiku ndi tsiku kufunsa kuti mativi asanu angafe bwanji nthawi imodzi. A Gondwe anayang'ana chimene chinali chofanana pa zipinda zisanuzo, n'kupeza kuti wokonzamo ndi mmodzi. Wina anawauzanso kuti anaonapo Mayi Nachisale akupukuta galasi la tivi ndi kansalu konyowa. Basi, mlandu unathera pomwepo. Anawaitana mu ofesi, n'kuwauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka lipoti la wa zamagetsi lituluke, ndipo likatsimikiza kuti ndi madzi, ntchito yatha. Mayiwo akuti sanatsutse. Anangovula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kuisiya pa tebulo.

Tsiku lomwelo masana ndinatenga tivi yoyamba n'kupita nayo kuchipinda changa chogwirira ntchito. Ndinatseka zenera, n'kuiyatsa, n'kuunika ndi tochi. Anthu anali mmenemo, akusewera mpira mu mdima. Galasi linali bwino, ndipo madzi akalowa m'tivi yotere amayamba kuwononga m'munsi mwa galasi, n'kusiya mizere kapena dzimbiri loyera. Ndinaitembenuza kuti ndimasule kumbuyo, ndipo ndisanagwire n'komwe sikuludilaiva ndinaona yankho. Neti yanga sinalinso neti. Nkhungu zakufa za zaka ziwiri, fumbi ndi chinyontho zinali zitamatirira pamenepo n'kupanga chinthu chokhuthala ngati bulangete. Ndinaiika pakamwa n'kuuzira, mpweya osadutsa. Nditatsegula m'kati munatuluka fungo la pulasitiki yopsa, ndipo timababu tonse tinali titasanduka tofiirira. Dontho la madzi munalibe. Ndinatsegula zinayi zotsalazo, zonse chimodzimodzi. Zipinda za kutsogolo ndizo zinkalandira nkhungu zambiri, ndipo ndizo zinkakhala ndi alendo nthawi zonse, tivi n'kumayaka tsiku lonse. Mativiwo anafa ndi kutentha, ndipo amene anawatseka mphuno ndi ine.

Ndikanatha kupita kwa a Gondwe nthawi yomweyo. Ofesi yawo inali pafupi, kungodutsa pa khitchini. Sindinapite. Ndinachita mantha, ndipo ndikunena mosabisa kuti anali mantha a udindo ndi manyazi a dzina. Maneti aja anali ndi dzina langa, anthu a malo ena anali atabwera kudzawaona. A Gondwe akandifunsa za lipoti ndinkati ndikufufuzabe, nkhani ya zamagetsi sifuna phuma. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'zipinda zina zija mwakachetechete, n'kumatula maneti m'modzim'modzi, n'kuwabisa m'thumba la ovolosi. Ndinkadziuza kuti ndikupulumutsa mativi otsalawo, ndipo zinali zoona, koma ndinkachotsanso umboni. Fomu ya lipoti inali m'dirowa yanga, yosalembedwa.

Lamulungu ndinawaona Mayi Nachisale kutchalitchi. Sanakhale pa benchi ya kutsogolo ya atsogoleri a amayi monga mwa masiku onse, anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Nkhani inali itafika kale m'mudzi, ndipo inafika itakula. Ena ankati anawononga katundu wa azungu mwadala, ena ankati panasowanso zinthu m'zipinda. Potuluka tinakumana maso. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za amayi anu ndi za inu kusukulu. Za tivi sanatchule. Ine ndinayankha moniwo ngati munthu wosadziwa kanthu, ndipo nditafika kunyumba chakudya chinandikanika.

Amayi anu ndiwo anandifunsa chimene chikundidya. Nditawafotokozera anapitiriza kusankha mpunga m'lichero. Iwonso ankaopa, chifukwa ankadziwa chimene udindo uja unkatichitira. Pomaliza anati iwo sangandiuze chochita, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ndidziwe kuti ana a Nachisale nawonso amapita kusukulu. Ngakhale atanena zimenezo, ndinadikirabe masiku ena awiri.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chiwaimitsireni ntchito mayi aja, ndinapempha a Gondwe kuti abwere kuchipinda changa. Ndinatseka zenera, n'kuyatsa tivi, n'kuwapatsa tochi kuti aunike okha. Ataona anthu akuyenda mu mdimamo anadabwa ngati mwana. Ndinawafotokozera kuti galasi limene amati linathiridwa madzi ndi limenelo, lili moyo. Kenako ndinawaonetsa timababu topsa, n'kutulutsa neti imodzi m'thumba, n'kuwapempha kuti auzire. Anauzira, n'kuiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anali munthu wanzeru, sanafune kuti ndiwonjezere mawu. Anakhala pa mpando wanga wa thabwa, n'kufunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinawauza kuti tsiku loyamba lomwe, ndiponso kuti maneti a m'zipinda zina ndinawamatula kale.

A Gondwe ankandikonda, ndipo nawonso anali atawatama maneti aja pamaso pa eni loji. Anatsitsa mawu.

"A Mbewe, lembani kuti magetsi anabwera mwamphamvu nthawi ya ziphaliwali. Palibe amene angatsutse, ndi dzinja lino. Maneti mwachotsa kale. Mayi aja tidzawaitana mwezi wamawa zinthu zikazizira, tidzati tawakhululukira. Aliyense apulumuka."

Kunena zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Khomo linali litatseguka, ndipo amene analitsegula ndi bwana mwini. Koma mawu akuti tawakhululukira anandibaya. Munthu amakhululukidwa akalakwa. Mayi aja akanabwerera ku ntchito ngati wolakwa womveredwa chisoni, ndipo kumudzi ndi kutchalitchi dzina lawo likanakhalabe lakuda mpaka kalekale.

"Bwana, akhululukidwe chiyani?" ndinafunsa. "Iwo anandichenjeza miyezi itatu yapitayo kuti mativi akutentha, ine n'kuwakalipira. Ndilemba zimene ndapeza. Ndipo ndikupempha kuti mawa pa msonkhano wa m'mawa ndinene ndekha pamaso pa antchito onse."

Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene eni loji adzachite. Ndinati ndikudziwa. Ndinalemba lipotilo pa tebulo lomwelo, mizere isanu ndi umodzi, n'kusaina. M'mawa mwake ndinaima pamaso pa ophika, olondera, okonza m'zipinda ndi osamalira maluwa, neti yakuda ija ili m'manja, n'kunena zonse. Palibe anaseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. A Gondwe anatuma uthenga kwa Mayi Nachisale tsiku lomwelo, ndipo anayambanso ntchito mawa lake. Ine sindinachotsedwe, koma udindo unapita. Anabweretsa munthu wina kuchokera ku Lilongwe kukhala mkulu, ine n'kupatsidwa mapampu a madzi ndi magiza otenthetsera madzi osamba. Ndinagwira zimenezo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka kupuma. Timababu tatsopano titafika patatha miyezi iwiri, mkulu watsopanoyo anandipempha kuti ndimuthandize kuika, ndipo mativi onse asanu anadzuka. Ndi Mayi Nachisale tinkapatsana moni tsiku lililonse pakhonde. Ndinawapepesa kamodzi, iwo anati zatha, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Lifuwu, chaka chatha

Nditapuma tinasamukira kuno ku Lifuwu kwawo kwa amayi anu, kumene iwo amalima mpunga ndipo ine ndili ndi tebulo langa pakhonde. Maso ayamba kufooka, koma anthu amabwerabe ndi mawailesi, mafoni ndi mativi. Ndili ndi zitini zanga za mkaka, ndipo thabwa lake ndimalitcha kumanda. Chaka chatha, mpunga utangokololedwa, ndinaona kabaza akuima pabwalo, mayi wachikulire akutsika atafukata tivi yokulungidwa m'chitenje. Anali Mayi Nachisale, tsitsi litayera. Nawonso anali atapuma ntchito. Tiviyo anawagulira ndi mwana wawo wamkazi amene tsopano ndi namwino, ndipo inali itasiya kuonetsa chithunzi, mawu okha. Ku Senga Bay okonza alipo ambiri, koma iwo anayenda ulendo wonsewo kubwera kwa ine.

Ndinawapatsa mpando, amayi anu n'kubweretsa tiyi. Tiviyo sindinaigwire msanga. Ndinawafunsa kuti inasiya liti, imakhala pati m'nyumba, imayaka nthawi yaitali bwanji, ndipo anaonapo chiyani isanazime. Anati kwa sabata ziwiri mbali imodzi ya galasi inkaoneka yakuda kuposa inzake. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako tinalowa nayo m'nyumba, ndinatseka katani, n'kuwapempha kuti agwire tochi okha. Anaunika mopendeketsa monga ndinawauzira, ndipo patapita kanthawi anati akuona munthu akuyenda. Ndinawauza kuti tivi yawo ili moyo, afa ndi timababu, ndipo kumanda kwanga ndili nato tofanana nato.

Ndikumasula kumbuyo, funso limene ndinalisunga zaka zonsezi linatuluka lokha. Ndinawafunsa ngati nthawi ija ankadziwa chimene chinapha mativi a ku loji.

"Ndinkadziwa kuti ndi maneti," anatero. "Tsiku lomwe a Gondwe anandiitana ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena, a Mbewe. Ndinanena kwa inu, zinthu zisanaonongeke." Anaika kapu pansi. "Mu ofesi muja ndikanati chiyani, ine wa mopu, pa nkhani ya waya? Ndinati mwini wake akudziwa, abwera. Ndinkakhala pakhomo m'mawa uliwonse kuyang'ana njira yochokera ku loji. Masiku asanu ndi anayi. Ndinawawerenga."

Sananene mokwiya. Ananena monga munthu amanenera mtunda wa pakati pa midzi iwiri. Ine ndinali ndikuganiza zaka zonsezi kuti masiku amenewo ndinkawadziwa ndekha, ndipo ndinamva manyazi kuposa tsiku lija ndinaima pamaso pa antchito. Ndinawafunsa chifukwa chimene abweretsera tivi yawo kwa munthu wotere. Anati chifukwa ndikadzalakwitsa adzamva kwa ine ndemwe, ngakhale adzadikire.

Timababu ndinasintha masana omwewo, chithunzi n'kubwera chowala bwino, ndipo kabaza anawatenga dzuwa lisanapendeke. Koma masiku asanu ndi anayi aja alibe chosinthira m'chitini chilichonse. Ndawalemba pano, ana anga, kuti mukamadzauza ana anu kuti agogo awo ananena zoona n'kutaya udindo, muzidzawauzanso kuti mayi wina anakhala pakhomo masiku asanu ndi anayi akuwadikira.